Mayeso a ma actuary: yambani mwasankha pepala lomaliza

Mukadutsa pachipata cha Mchinji n'kulowa ku Mwami m'dziko la Zambia, mupeza kuti munthu wapantchito kumeneko amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake mwezi uliwonse, ndipo womulemba ntchito amawonjezerapo 1 peresenti ina. Ndalamazo zimapita kubungwe la NHIMA, lomwe lidabadwa ndi lamulo la 2018 n'kuyamba ntchito mu 2019, ndipo ndi zomwe zimamulipirira akadwala, kaya ku Chipata kapena kuchipatala china chovomerezeka. Funso lomwe anzathuwa akulimbana nalo ndi lakuti: kodi 2 peresentiyo ikukwana? Nanga ngati yakwana chaka chino, idzakwanabe mankhwala akakwera mtengo ndipo odwala shuga ndi BP akachuluka?

Tsidya lino funsolo silidafike pakhomo panu, koma lili m'njira. Pachipatala cha boma cha Mchinji simulipira. Ku Kapiri, ku Ludzi kapena ku Guilleme, zomwe ndi zipatala za mishoni, mumalipira pokhapokha thandizolo likhale m'gulu la zomwe boma lidagwirizana ndi CHAM. Okhala ndi khadi la MASM kapena sikimu ina ndi ochepa, ambiri mwa iwo apantchito za m'tauni. Gawo lalikulu la ndalama zaumoyo lakhala likuchokera kwa abwenzi akunja, ndipo kuyambira Januwale 2025, pomwe dziko la America lidaimitsa thandizo lambiri lodzera ku USAID, palibenso amene angalumbire kuti ndalamazo zidzabwerabe ngati kale. Boma lili ndi ndondomeko ya kapezedwe ka ndalama zaumoyo ya 2023 mpaka 2030, ndipo nkhani ya inshuwalansi ya zaumoyo imabwerabwera m'zokambirana.

Tsiku lomwe dziko lino lidzafune kudziwa kuti munthu azisonkha zingati, padzafunika katswiri wotchedwa actuary. Ameneyu ntchito yake ndi kuika mtengo lero pa zinthu zomwe zidzachitike mawa koma sitikudziwa kuti zidzagwera ndani ndipo liti: matenda, imfa, ngozi ya galimoto, chilala, ukalamba. M'Malawi akatswiri omaliza mayeso onse a ntchitoyi ndi owerengeka, moti makampani ambiri amachita kuitanitsa akunja kudzasainira mabuku awo. N'chifukwa chake maphunziro omwe achinyamata athu ochepa akusankha kumapeto kwa mayesowa si nkhani ya iwo okha. Kaya ndinu wophunzira amene masamu amakukomerani ku Magawa kapena ku Ludzi Girls, kaya ndinu kholo lolipira, kaya mumangodulidwa penshoni mwezi ndi mwezi, kusankhaku kukukhudzani.

Makwerero ake ali motere

Njira yomwe ambiri kuno amaidziwa ndi ya bungwe la ku Britain la Institute and Faculty of Actuaries, mwachidule IFoA. Malinga ndi dongosolo lomwe lidayamba mu 2019, munthu amadutsa mapepala 13 kuti atchedwe Fellow, kuphatikizapo zaka zosachepera zitatu akugwira ntchitoyo. Mayeso ambiri amalembedwa kawiri pachaka, mu Epulo ndi mu Seputembala.

Mapepala khumi oyamba alibe chisankho. Asanu ndi awiri ndi maziko: CS1 ndi CS2 ndi a statistics, CM1 ndi CM2 ndi a masamu a ndalama, pomwe CB1, CB2 ndi CB3 ndi a bizinesi ndi zachuma. Kenako pamabwera CP1, CP2 ndi CP3, omwe amayesa ngati munthu angagwiritse ntchito zomwe waphunzira, kuzikonza pakompyuta moti wina n'kuzitsatira, ndi kuzifotokoza kwa munthu wosadziwa masamu. Akatha khumiwa ndi kukwaniritsa zofunika zina za pantchito amakhala Associate.

Chisankho chimabwera pa atatu omaliza. Mumatenga awiri m'gulu la SP ndi limodzi m'gulu la SA. SP1 ndi la zaumoyo, SP2 la inshuwalansi ya moyo, SP4 la penshoni, SP5 la kaikidwe ka ndalama kuti zipindule, SP6 la mapangano a pamsika wa ndalama otchedwa ma derivative, SP7 ndi SP8 a inshuwalansi ya katundu ndi ngozi, SP9 la kasamalidwe ka ziopsezo za kampani yonse, ndipo laposachedwapa ndi SP10 la mabanki. M'gulu la SA muli SA1 la zaumoyo, SA2 la moyo, SA3 la katundu ndi ngozi, SA4 la penshoni, SA7 la kaikidwe ka ndalama ndi SA10 la mabanki.

Bungwe la ku South Africa la ASSA lili ndi makwerero ofanana, kungoti mayina ndi ena: mapepala ake apamwamba ali m'magulu a F100 ndi F200. Zomwe tikambe apazi zikugwira konsekonse.

Zomwe mwalemba kale sizikutayani

Ophunzira ambiri amatenga mapepala oyamba ngati zipata zongodutsa. Akakhoza, mabuku amapita pansi pa bedi. Vuto limaonekera patapita zaka zinayi kapena zisanu, atakhala pa pepala la SP lomwe silibwerezanso masamu aja koma limayembekezera kuti munthu akuwadziwa ngati dzina lake.

Tiyambe ndi CM1. Pepala limeneli limaphunzitsa mphamvu ya chiwongoladzanja ndi mmene mungawerengere mtengo wa lero wa ndalama yomwe idzaperekedwe munthu akamwalira kapena akakhalabe moyo. Limagwiritsa ntchito matebulo oonetsa kuti mwa anthu a msinkhu wakutiwakuti, angati amamwalira chaka chisanathe. Limodzi mwa matebulo omwe ophunzira amazolowera, AM92, lidachokera pa amuna a ku Britain omwe adali ndi inshuwalansi pakati pa 1991 ndi 1994. Mu CM1 amakupatsani tebulo, inu n'kuwerengera. Mu SP2 funso limatembenuka: tebulo limeneli mwalitenga kuti, likukhudza anthu anu, ndipo mukalakwitsa kampani iluza zingati?

Kuno funso limeneli si lamasewera. Cha m'ma 2000, Edzi itafika pachimake, zaka zomwe mwana wobadwa m'Malawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zidatsikira m'ma 40. Ma ARV aulere atayamba kufalikira mu 2004 zinthu zidasintha, ndipo lero chiwerengerocho chidapitirira 60. Kampani yomwe ikadakakamira ziwerengero za mu 2000 bwenzi ikukulipiritsani mopyola pa inshuwalansi ya maliro. Koma kampani yomweyo, polonjeza kulipira opuma pantchito mwezi ndi mwezi mpaka imfa, bwenzi ikuluza chifukwa anthuwo akukhalitsa. Ku South Africa ma actuary ndiwo adali m'gulu la oyamba kupanga ndondomeko zolosera mmene Edzi idzakhudzire imfa. Peter Doyle wa kampani ya Metropolitan adayamba, ndipo ASSA idapitiriza ndi ndondomeko zake mpaka ya ASSA2008. Ngati kuchepa kwa thandizo lakunja kungasokoneze kapezekedwe ka mankhwalawa, ziwerengero zomwezi zidzafunika kuunikidwanso, ndipo wounika adzayenera kukhala munthu wodziwa dziko lino.

Luso lopangira tebulo lanulanu lili mu CS2, ndipo Mchinji ili ndi chitsanzo chabwino. Ntchito ya MaiMwana, yomwe zotsatira zake zidatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013, idagawa madera a m'bomali m'zigawo 48 ndipo anthu ankayendera amayi mwezi ndi mwezi kulemba za pathupi, ana obadwa ndi omwalira. Tsono taganizirani vuto la boma la m'malire ngati lino. Mayi wasamukira kwa abale ku Chipata mwana ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mwanayo simungamulembe kuti adamwalira. Simungamulembenso kuti adakwanitsa chaka ali moyo, poti simudamuone. Mukangomufufuta, mwataya miyezi isanu ndi iwiri yomwe mukudziwa bwino kuti adali moyo. Njira ya Kaplan-Meier, yomwe imaphunzitsidwa mu CS2, imamuwerengera miyezi yomwe adaoneka yokha n'kumusiyira pomwepo. Kampani ya inshuwalansi imakumana ndi zomwezi kasitomala akaleka kulipira n'kusowa.

Mu CS2 momwemo muli masamu a munthu wosinthasintha: lero ali bwino, mawa wadwala, mkuja wachira kapena wamwalira. Amenewa ndiwo msana wa SP1 pamene mukuika mtengo pa inshuwalansi yolipira munthu amene walephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda. Mulinso masamu a kukula kwa zotayika, kuyambira kangozi kakang'ono mpaka tsoka la kamodzi pa zaka zambiri ngati namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, ndipo amenewa amakatulukira mu SP7 ndi SP8. Mwa mapepala onse oyamba, ili ndi lomwe lili ndi nthambi zambiri. Amene adalikhoza mwamwayi adzalibwereza yekha usiku, afune asafune.

CS1 imabweretsa njira zoonera kuti msinkhu, dera kapena mtundu wa galimoto zikukweza bwanji chiopsezo, komanso funso lomwe limavuta kwambiri m'dziko la ziwerengero zochepa ngati lathu: ngati muli ndi zaka ziwiri zokha za mbiri ya gulu lanu, muzikhulupirire motani poyerekeza ndi ziwerengero za kwina? Zonsezi ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku mu SP8.

CM2 anthu amaidziwa ngati pepala la misika ya ndalama, khomo la SP5 ndi SP6. Koma kumapeto kwake kuli kagawo kena kowerengera ngongole zomwe sizidafike. Tiyerekeze kuti sikimu ya zaumoyo yaona m'zaka zapitazo kuti pofika pa 31 Disembala imakhala italandira mabilu okwana K70 pa K100 iliyonse ya chakacho, chifukwa zipatala zina zimatumiza mochedwa. Ngati chaka chino yalandira mabilu a K700 miliyoni, iyenera kusunga K300 miliyoni ina, osaiyesa phindu. Kagawo kameneka ndiko kamakula n'kukhala gawo lalikulu la SP7.

Pomaliza pali CP1, pepala lalitali lomwe masamu ndi ochepa koma kuganiza ndi kwambiri. Limaphunzitsa kuzungulira kwa ntchito yonse: dziwani vuto, konzani yankho, onani zomwe zachitika, bwererani mukakonzenso. Mapepala onse a SP ndi SA amayenda m'mapazi a CP1, aliyense m'munda wake. Malamulo sakukakamizani kutsata nambala, ndipo alipo amene amalumphira ku SP asanalembe CP1. Ine sindingakulangizeni zimenezo. Mayankho a SP amafuna kalembedwe ka mfundo zambiri zazifupi zogwirizana ndi nkhani yomwe mwapatsidwa, ndipo kalembedweko kamaphunziridwa mu CP1.

Sankhani kuchokera pamwamba

Kulakwitsa kofala ndi kusankha SP poyang'ana kuti ndi liti lomwe anzanu akuti ndi lophweka, kenako n'kumadzaganiza za SA pambuyo. Chitani mosemphanitsa. Pepala la SA limakuikani pampando wa mkulu amene akulangiza kampani, ndipo limatenga kuti zonse za mu SP yogwirizana nalo mukuzidziwa kale. SA2 imakhala pa SP2, SA1 pa SP1, SA4 pa SP4, SA7 makamaka pa SP5. SA3 yokha ndi yadyera: imafuna SP7 ndi SP8 onse awiri, kotero amene walowera ku inshuwalansi ya katundu ndi ngozi alibe chisankho china chenicheni. Kwa ena onse, SP imodzi imadzisankha yokha ndipo yachiwiri ndiyo yanu.

Nanga SA mungaisankhe bwanji? Yankho losakoma koma loona ndi lakuti muyang'ane desiki yomwe mukukhalapo. Mafunso a SA amavuta munthu amene sadaonepo ntchitoyo ikuchitika. M'Malawi madesiki ambiri a ophunzira ntchitoyi ali ku inshuwalansi ya moyo ndi penshoni, m'makampani ngati NICO Life ndi Old Mutual, komanso ku Reserve Bank of Malawi komwe kuli woyang'anira makampani onse a zachuma. Lamulo la penshoni lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011 ndilo lidakulitsa mbali imeneyi: wolemba ntchito amapereka 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo wolemba ntchito ayeneranso kugulira antchito ake inshuwalansi ya moyo. Kuwonjezera apo, kuyambira pa 1 Januwale 2023 makampani a inshuwalansi akulemba mabuku awo motsatira muyezo watsopano wa IFRS 17, womwe umafuna masamu a ma actuary kwambiri kuposa wakale. Choncho SP2 ndi SA2 ndi njira yomwe ili ndi ntchito lero, ndipo palibe chochititsa manyazi kuitsata.

Mkangano weniweni uli pa SP yachiwiri ija.

SP1 ndi mnzake woyenera

Anthu ambiri amaphatikiza SP2 ndi SP1 chifukwa mapepala awiriwa amafanana m'magawo ambiri: kakonzedwe ka inshuwalansi, kuunika ofuna kulowa, kugawana chiopsezo ndi makampani akuluakulu, kusunga ndalama zodzalipira. Amene wakhoza limodzi amakhala atayenda kale mtunda wabwino wa linalo. Chifukwa chimenechi ndi chomveka, makamaka kwa munthu amene akuwerenga usiku ataweruka kuntchito. Ndipo kwa dziko lomwe likuyandikira nkhani ya inshuwalansi ya zaumoyo, wophunzira aliyense wotenga SP1 ndi phindu.

Komabe dziwani zomwe zili m'katimo. Gawo lalikulu la SP1 limakamba za inshuwalansi za nthawi yaitali zomwe zidakula m'maiko olemera: yolipira malipiro a munthu wodwala nthawi yaitali, yopereka ndalama kamodzi munthu akapezeka ndi khansa kapena sitiroko, ndi yolipirira chisamaliro cha okalamba. Kuno okalamba amasamalidwa ndi ana ndi adzukulu, ndipo msika wa zinthu zotere ndi waung'ono. Chomwe tili nacho, ndi chomwe tingadzakhale nacho pamlingo wa dziko, ndi sikimu yolipira mabilu a kuchipatala chaka ndi chaka. Imeneyi ilimo mu SP1, koma khalidwe lake limafanana kwambiri ndi inshuwalansi ya galimoto kusiyana ndi ya moyo. Mafunso ake ndi akuti anthu adwala kangati pachaka, bilu imodzi ikhala yaikulu bwanji, ndipo mitengo ikwera motani chaka chamawa.

Tiyerekeze ndi gulu la alimi 1,000 a ku Mkanda omwe agwirizana zosonkherana. Ngati 50 amagonekedwa pachaka ndipo aliyense bilu yake ndi K200,000, pakufunika K10 miliyoni, kutanthauza K10,000 munthu mmodzi. Masamu a ku pulayimale. Koma kulowa kukakhala kwa kufuna kwa munthu, oyamba kulembetsa adzakhala amene akudziwa kale kuti akudwala kapena akuyembekezera. Mwina alowa 400 okha, ndipo mwa iwo 40 n'kugonekedwa. Tsopano K8 miliyoni igawidwe kwa anthu 400: K20,000 aliyense. Mtengo ukakwera chotere, athanzi ena amatuluka, ndipo chaka chotsatira umakweranso. Wonjezeranipo kuti mankhwala ambiri timagula kunja, moti kwacha ikagwa bilu ya K200,000 ija siikhalanso yomweyo, komanso kuti munthu akakhala ndi khadi amapita kuchipatala kawirikawiri kuposa kale. N'chifukwa chake dziko la Zambia lidachita kukakamiza apantchito onse kulowa. Koma m'boma ngati Mchinji, lomwe pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu opitirira 600,000, ambiri ndi alimi a mtedza, soya, fodya ndi chimanga omwe alibe malipiro a pamwezi oti n'kudulapo. Ndalama amaiona nthawi yokolola, pomwe malungo amavuta kwambiri nthawi ya dzinja, matumba ali pululu.

Zida zothetsera mafunso amenewa zili mu SP8 mochuluka ngati mmene zilili mu SP1. Choncho kwa wophunzira amene mtima wake uli pa zaumoyo ndipo akulinga ku SA1, maganizo anga ndi akuti SP1 ndi SP8 ndi banja loyenerana ndi dziko lino kuposa SP1 ndi SP2. Ndi njira yolemera, poti mapepalawa safanana kwambiri ndipo mudzawerenga zambiri zatsopano. Ilinso ndi chiopsezo chake: olemba ntchito a zaumoyo kuno ndi ochepa, ndipo mungamalize mayeso sikimu ya dziko isanabadwe. Amene ali kale kukampani ya inshuwalansi ya moyo ndipo bwana ndiye akulipira mayeso, SP2 ndi SP1 imukwanira.

Phunziro la mu 2006

Mchinji idalawapo kale zomwe zimachitika masamu akakhala olondola koma wowerengera asakuwadziwa bwino anthu ake. Mu 2006 akatswiri awiri a zachuma, Xavier Giné ndi Dean Yang, adachita kafukufuku ndi alimi pafupifupi 800 a ku Mchinji, Lilongwe, Kasungu ndi Nkhotakota. Onse adapatsidwa mwayi wa ngongole ya mbewu yamakono ya chimanga ndi mtedza. Theka lidapatsidwa ngongole yokha. Theka lina lidapatsidwa ngongole yomangiriridwa ku inshuwalansi ya mvula, yoti mvula ikavuta malinga ndi muyezo wa pamalo oyezera nyengo, ngongoleyo ichepetsedwe kapena ikhululukidwe. Aliyense akadaganiza kuti alimi athamangira yachiwiriyi. Zidatembenuka. Mwa opatsidwa ngongole yokha, 33 pa 100 alionse adaitenga, pomwe mwa opatsidwa ya inshuwalansi chiwerengerocho chidatsika ndi 13.

Ofufuzawo adaganiza kuti alimi ankadziwa kale kuti chaka chikalakwa wobwereketsa sangawalande zomwe alibe. Kwa iwo inshuwalansi idangokhala ndalama yowonjezera pa chitetezo chomwe adali nacho kale mwa njira ina.

Patapita zaka khumi dziko lonse lidakumana ndi zofanana. Boma lidagula inshuwalansi ya chilala ya nyengo ya 2015/16 kubungwe la African Risk Capacity. Chilala chidabweradi, anthu oposa 6 miliyoni adafunika thandizo la chakudya, koma kompyuta ya bungwelo idaonetsa kuti okhudzidwa ndi ochepa kwambiri moti palibe cholipira. Atafufuza adapeza kuti m'ndondomeko yowerengera adaikamo chimanga chokhwima mochedwa, cha masiku 120 mpaka 140, pomwe alimi ambiri adali atabzala chocha msanga cha masiku pafupifupi 90, chomwe ng'amba idachipeza pa nthawi yoipa. Atakonza, bungwelo lidalipira $8.1 miliyoni mu Januwale 2017, njala itapweteka kale anthu. Mlangizi aliyense wa zaulimi ku Kamwendo akadatha kunena mbewu yomwe anthu akubzala. Chomwe chidasowa ndi munthu wodziwa masamu a SP8 amenenso amadziwa kufunsa mlangiziyo. Inshuwalansi ya mbewu ikukulabe m'dziko muno, ndipo bungwe lomwelo lidalipiranso dziko lino pa chilala cha El Niño cha 2024. Amene akusankha SP7, SP8 ndi SA3 asaganize kuti moyo wake wonse udzathera pa ngozi za minibasi.

Za penshoni ndi misika

SP4 imaoneka ngati yachidziwikire m'dziko lomwe penshoni ndi yokakamiza, koma samalani. Mbali yaikulu ya pepalali imakamba za masikimu omwe wolemba ntchito amalonjeza kuti mudzalandira gawo lakutilakuti la malipiro anu omaliza, ndipo actuary amawerengera ngati thumba likukwana lonjezolo. Masikimu ambiri a m'Malawi lero ndi a mtundu wina: mumalandira zomwe mwasonkha kuphatikizapo phindu lake, basi. M'masikimu otere mafunso aakulu ndi awiri. Loyamba, ndalamazo ziikidwe kuti kuti zisadyedwe ndi kukwera kwa mitengo, komwe mu 2024 kudali pamwamba pa 30 peresenti miyezi yambiri? Pa mlingo umenewo, chinthu cha K1,000 chimafika pafupifupi K2,200 m'zaka zitatu zokha. Limeneli ndi funso la SP5. Lachiwiri, munthu akapuma, ndalama yake isandutsidwe bwanji malipiro a mwezi ndi mwezi mpaka imfa? Limeneli ndi la SP2. Lamulo latsopano la penshoni la 2023, lomwe lidafewetsa katengedwe ka ndalama munthu asanafike pa msinkhu wopuma, lawonjezera funso lachitatu: thumba lisunge zingati pafupi zoti n'kulipira msanga? Ku Zambia bungwe la NAPSA lidakumana ndi funso lomweli mu 2023 pomwe mamembala adaloledwa kutapa 20 peresenti ya zosonkha zawo.

SP6 ndi pepala la masamu okoma kwa amene adaikonda CM2, koma msika wa Malawi Stock Exchange uli ndi makampani osafika 20 ndipo malonda a ma derivative ndi ochepa zedi. Litengeni ngati maso anu ali ku Johannesburg kapena ku London. SP9 ndi losiyana: silimangirira munthu kumunda umodzi, ndipo limathandiza m'kampani yaing'ono momwe actuary mmodzi amafunsidwa za chilichonse, monga mmene zimakhalira kuno.

Mtengo wa kulakwitsa

Mayeso a IFoA amalipiridwa m'mapaundi. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mtengo wa pepala lililonse udakwera nawo usiku womwewo. Ngakhale ndalama muli nayo, kupeza ndalama zakunja kubanki ndi nkhondo ina. Bungweli lili ndi mitengo yotsikirapo kwa amene amapeza zochepa, ndipo n'koyenera kufunsa za mwayi umenewu musanalipire. Amene adaphunzira kuyunivesite yovomerezeka ndi bungweli amatha kukhululukidwa mapepala ena oyamba, koma kukhululukidwa pepala sikutanthauza kuti SP idzakuchitirani chifundo pa zomwe zidali m'pepalalo.

Poti mayeso amabwera kawiri pachaka, kulephera kamodzi ndi miyezi isanu ndi umodzi. Kusintha maganizo mutalemba kale SP yosagwirizana ndi SA yanu kungakudyereni chaka chathunthu ndi mapaundi ena. Ngati mungathe, lembani SA mutangokhoza SP yake, zinthu zikadali m'mutu, ndipo SP yachiwiri ija ibwere isanafike kapena itapita nthawi imeneyo, osati pakati.

Ganiziraninso za ASSA musanamange mfundo. Mapepala ake apamwamba amakamba za malamulo ndi msika wa ku South Africa, komwe masikimu a zaumoyo, inshuwalansi ya maliro ndi nkhani ya HIV ndi zinthu za tsiku ndi tsiku, ndipo makampani ena omwe ali kuno mizu yawo ili komweko. Malipiro ake ndi a ma rand. Kwa wophunzira wa ku Mchinji amene akulinga ku zaumoyo, funsani olemba ntchito awiri kapena atatu ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuti ndi bungwe liti lomwe amalipirira antchito awo, ndipo ndi ndani pakampanipo amene adalembapo pepala lomwe mukulifunalo, musanatumize ndalama ya kalembera.